"Ingolowa kaye, udzasintha mkati": mawu amene tinamunamiza nawo mwana wa achemwali anga

Mwana wa achemwali anga anabwera ku holide mwezi wathawu, anatsikira pa Boma cha m'ma 4 koloko madzulo ndi kachikwama kamodzi basi, nde ine nditangomuona katsikidwe kake mu minibasi muja ndinadziwiratu kuti kumeneko sikunayende. Mwana amene zikumuyendera ku koleji amatsika ndi phokoso, chizungu chili pakamwa, kudandaula za kutentha kwa Nkhotakota ngati sanabadwire konkuno. Uyu anangoti "mwaswera bwanji amalume", kukwera kabaza, njira yonse mpaka kunyumba osayankhula kanthu. Amayi ake anali atapha nkhuku, mpunga wa kilombero uli pamoto fungo mpaka kumsewu, iye anangodya pang'ono n'kunena kuti mutu ukuwawa chifukwa cha mabampu a M5.

Mtsikana ameneyu anakhoza MSCE ndi mapointi 11, ndipo pamudzi pathu palibe amene anafikapo pamenepo, ine ndemwe anga anali 14. Kwa amene mwaiwala kawerengedwe kake, amatenga maphunziro sikisi amene wakhoza bwino kuphatikiza English, giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, nde wodziwa kwambiri amapeza 6 points. Pa fomu ya NCHE, yofunsira malo ku mayunivesite a boma, choyamba analemba MBBS, digiri ya udokotala, ya ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), poti kuyambira ali sitandade 5 aliyense amangomutcha adokotala, agogo ake akadwala mwendo amati "bwera udzandione adokotala anga". Mayina atatuluka, analipo, koma osati ku udokotala. Anamutenga digiri ya sayansi ku koleji ina ya boma. Tsiku limenelo pakhomo panali zinthu ziwiri nthawi imodzi, nthungululu kunja, mwini wake akulira kuchipinda.

Ndiye panabwera mawu aja. Achemwali anandiitana, "achimwene, inu ndi amene munapitako kumeneko, kamuuzeni mwana wanuyu", ine n'kulowa kuchipinda kuja, kukhala pa mpando, n'kunena zimene amalume aliyense m'Malawi muno amanena. Ingolowa kaye, udzasintha mkati. Ukangomaliza chaka chimodzi kapena ziwiri, kapena ukatenga digiri yakoyo, udzalembera ku udokotala, anthu amatero. Anapukuta misozi, anadya nsima, tonse tinagona bwino.

Chimene chikundipweteka n'choti mwa anthu onse a pamudzi paja, amene amadziwa kuti mawu amenewa ndi oona theka lokha ndinali ineyo. Anandiuzapo inenso mawu omwewo, ndipo lero ndine mphunzitsi wa Chemistry pa CDSS ina kuno, ntchito yomwe ndimaikonda ndithu musandimve molakwika, koma sikumene ndimapita. Theka limene sindinamuuze ndi lakuti khomo lakumbali lija lolowera ku udokotala lilipodi, koma pakhomopo safunsa kuti unkafunitsitsa bwanji, amafunsa transcript, pepala la magiredi ako onse a kukoleji. Ndipo transcript imayamba kulembedwa semesita yoyamba, sabata zomwe zija iwe ukusochera posaka kalasi, usanadziwe ngakhale kuti laibulale amabwereka bwanji buku.

Tsiku lachitatu la holide ndi pamene anandionetsa. Tinali pansi pa mango kuseri, amayi ake akuanika mpunga pa lona, iye anangondipatsa foni osanena kanthu. Biology 68. Chemistry 52. Maths 55. Physics sapu, kutanthauza kuti sanakhoze ndipo ayenera kulembanso mayeso. Ndinayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira, chifukwa zinali ngati ndikuona zanga zomwe, kungosintha dzina pamwamba.

Ine chaka changa choyamba ndinachitaya ndekha, sindinamizira munthu. Ndinafika ngati yaro, mwana wa chaka choyamba, wochokera kumudzi ndi sutikesi ya malata, ndili ndi mtima woti ine sindine wa pano, ndikungodutsa, kwanga ndi ku Blantyre ku College of Medicine. Mtima umenewu ndi woipa kwambiri anzanga, chifukwa umakupangitsa kuona maphunziro amene uli nawo ngati malo odikirira basi. Munthu sasesa pa depoti. Ndinkalowa m'kalasi thupi lokha, ma assignment kukopera kwa anzanga usiku wa deadline, ndikudziuza kuti zenizeni ndidzayamba ndikadzasintha. Kuwonjezera apo ndalama ya upkeep ikachedwa timadya kamodzi patsiku, kachipinda ka lendi kunja kwa kampasi tinalimo anthu atatu, magetsi akazima ndiye kuwerenga kwathera pompo. Komanso manyazi. Practical yoyamba ya titration, kuyeza mphamvu ya mankhwala podontheza ena mwa ena, anatipatsa burette, kachubu kagalasi kodonthezera, ine chibadwire ndinali ndisanaigwirepo, ndinangoiona pa chithunzi m'buku, mnzanga wa pa benchi anachokera ku sukulu ya mishoni yokhala ndi labu yeniyeni, iye zala zimangoyenda zokha, ine kuopa kufunsa kuti angandiseke. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinafera momwemo, Chemistry ya chaka choyamba 51, Physics ndinadutsira sapu.

Chaka chachitatu ndi chachinayi ndinadzuka, ndinayamba kumenya ma 70, Chemistry yomwe ija inasanduka chibwenzi changa mpaka lero ndikudyera momwemo. Koma avereji ilibe chisoni, imakoka zakale zonse n'kubwera nazo pa graduation. Ndinatuluka ndi pass. Gauni ndinavala, zithunzi tinajambulitsa, amayi anavina, koma pa pepala panalembedwa pass, osati credit, osati distinction.

Mwina ndifotokoze kaye mmene khomo limeneli linakhalira, poti ana ambiri amangomva za m'maluwa. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, kufupi ndi chipatala cha Queens. Isanatsegulidwe, Mmalawi wofuna udokotala amayenera kupita kunja, ndipo gulu loyamba lenilenilo linayambira maphunziro ku UK n'kudzamalizira kuno, anamaliza mu 1992. Masiku oyambirirawo munthu samachoka ku Form 4 n'kulowa mwachindunji ayi, amatenga anthu a A-Level, ngati a ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kapena amene apanga zaka ziwiri za sayansi ku Chancellor College n'kukhoza bwino. Ndiye mukaona, mawu aja oti udzasintha mkati sanachokere kumwamba, inalidi njira yeniyeni, akuluakulu amene amatiuzawo amakumbukira nthawi imeneyo. Kenako kunabwera premed, chaka chimodzi chokonzekera cha ana ochokera ku MSCE, ukachidutsa n'kuyamba zaka 5 za MBBS, zonse pamodzi 6, ukamaliza internship ya miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu usanayambe kuima pawekha pansi pa Medical Council of Malawi. Chibwerereni premed, msewu waukulu unasanduka MSCE, njira ya digiri ija inatsala ngati kanjira ka kumunda, kodutsa anthu owerengeka. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza kukhala KUHeS pamene University of Malawi inagawidwa, dzina linasintha koma mipando ya m'kalasi ndi mabedi a ku Queens ndi ku Kamuzu Central ophunzirirapo sanachuluke kufanana ndi ana amene akukhoza.

Ndipo taganizani amene mukupikisana nawo pa kanjira kameneka. Si ana a Form 4 ayi. Ndi anthu amene anaphonya MBBS ndi pointi imodzi kapena ziwiri, analowa digiri ya sayansi mano atakukuta, anayamba kumenya ma distinction kuyambira tsiku loyamba chifukwa wina anawauza zoona. Ndi anthu a A-Level. Ndi anthu amene agwirapo kale ntchito m'chipatala. Wosankhayo ali ndi mulu wa mafomu ndi mipando yochepa, sakudziwani, sanakuoneni mukusamalira agogo anu, sadziwa kuti semesita ija munali ndi malungo kapena munkagona ndi njala. Chimene ali nacho ndi manambala, ndipo maso ake amathamangira pa Biology, Chemistry, Physics ndi Maths, chifukwa ndi zimene zimamuuza ngati mudzapirire Biochemistry ndi Physiology. Nde vuto lake ndi ili, maphunziro amenewa a maziko amaphunzitsidwa chaka choyamba ndi chachiwiri, zaka zomwezo zimene mwana wa kumudzi amakhala atasokonekera kwambiri. Ma 70 anga a chaka chachinayi anali okongola, koma Physics ndinaisiya chaka choyamba ndi sapu yake ija, ndipo inakhala choncho mpaka kalekale, panalibenso mpata woikonza.

Kuno kunyanja timati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene anayesapo kuthamanga pa mchenga wa ku Sani kapena ku Chia akudziwa, mnzako akakusiya mapazi asanu sumupezanso, mwendo umangomira. Ine ana anga a Form 4 ndimawaphunzitsa titration ndi choko pa bolodi, ndimajambula burette, kujambula kadontho, n'kuwauza kuti apa yerekezani kuti madzi asanduka pinki. Chaka china tinachita kubwereka zipangizo kusukulu ina kuti aone kamodzi kokha mayeso asanafike. Mwana wotereyu akakhoza ndi mapointi 11 ndiye kuti ndi chilombo cha mwana, koma akafika ku koleji semesita yoyamba amathera kuphunzira zimene anzake anazigwira ali Form 2. Quota, kusankha ana opita ku yunivesite potengera boma limene akuchokera, inathetsedwa mu 2020, anthu anakangana mokwanira za imeneyo sindiyambitsanso pano, koma kaya quota kaya popanda quota, transcript ilibe malo olembapo kuti uyu anachokera kusukulu yopanda labu. 52 ndi 52 basi.

Tsono mtsikana wathuyu sanabwere chimanjamanja, anabwera ndi chiyembekezo chake chochokera pa YouTube. Bandulo yonse ya usiku amathera kuonera mavidiyo a achinyamata a ku America, aja amati ndinali ndi GPA (avereji ya magiredi a kukoleji) yotsika koma pano ndine dokotala, akumwetulira ndi stethoscope pakhosi. "Amalume taonani uyu, anayamba ndi 2.9, ngati iyeyu anatha ine ndingalephere bwanji?" Ndinaonera naye awiri atatu, ndipo sindikunena kuti amanama, koma nkhani yawo ndi ya dziko lina ndi malamulo ena. Ku America kawirikawiri kulibe zochoka ku sekondale kulowa udokotala, pafupifupi aliyense amayamba watenga digiri ya zaka 4, kenako medical school zaka zina 4. Ndiye kwa iwo njira ya digiri ndiwo msewu waukulu, anaukonza bwino, uli ndi pokhotera ndi pobwerera. GPA yawo imathera pa 4.0, ndipo amene amatengedwa zaka zino avereji yawo ili cha m'ma 3.8, kutanthauza kuti pafupifupi ma A okhaokha. Palinso mayeso olowera ku medical school otchedwa MCAT, otenga maola opitirira 7, malikisi ake amayambira 472 kufika 528, otengedwa avereji yawo ili pa 511 kapena 512. Ndi zonsezo, mwa olembera onse chaka chilichonse amene amapeza malo sakwana theka. Uja wa 2.9 akupanga vidiyo chifukwa ndi wosowa, anzake a 2.9 amene sanalowe sapanga mavidiyo kkkk.

Komanso ukamvetsera bwino mavidiyo omwewo, amanena okha mmene anakonzera. Anabwerera kusukulu chaka chimodzi kapena ziwiri kukapanga zimene amati post-bacc, kutenganso maphunziro a sayansi kuti aonetse kuti asintha, ena masters, ndalama zake zoti ife tikhoza kugula maekala a mpunga kuchokera pano mpaka ku Dwangwa. Kenako anamenya MCAT mwamphamvu kuti iphimbe GPA ija. Ife kuno mayeso achiwiri otere ophimbira manyazi tiwatenga kuti? Chimene ndinamuuza kuti atolepo pa nkhani ya ku America ndi zinthu zimene zimafanana kulikonse. Iwonso amawerengera padera GPA ya Biology, Chemistry, Physics ndi Maths, ndiye sungabise Chemistry yofooka kuseri kwa ma A a maphunziro ofewa. Ndipo ku AMCAS, kumene amatumizira mafomu awo, ukabwereza kosi amawerengera magiredi onse awiri, yakugwa ija ndi yatsopanoyo, safufuta. Chabwino chake n'choti amayang'ananso ngati munthu akukwera chaka ndi chaka, woyamba moipa n'kumaliza bwino amamuona mosiyana ndi woyamba bwino n'kumatsika. Apa nkhope yake inawala pang'ono, ine sindinafune kuizimitsa, ngakhale mumtima ndimadziwa kuti kukwera kwangako sikunandithandize.

Kwina n'chimodzimodzi. Ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg ali ndi pulogalamu ya anthu a digiri, GEMP, umalowera chaka chachitatu, koma amafuna avereji yosachepera 60 kuti ungololedwa kupikisana nawo, ndi mayeso awo pamwamba. Ku UK ambiri amafuna digiri ya 2:1, giredi yachiwiri kuchokera pamwamba, ndi mayeso olowera a GAMSAT kapena UCAT. Ndipo kumeneko usanafike n'komwe pa magiredi, fizi ya mlendo yakugwetsa kale. Ife a mpunga wa pa lona tisanamizane.

Ine ndinayesapo kamodzi, nditaphunzitsa zaka ziwiri. Ndinakatenga transcript, kudinditsa makope, kulipira ya fomu kubanki, kulemba kalata yokoma kwambiri yonena mmene ndinakulira ndikuona amayi apakati akunyamulidwa pa njinga kupita kuchipatala. Ndinauza mkazi wanga yekha. Mayina atatuluka ndinawerenga katatu, kuyambira pamwamba kutsika, kuyambira pansi kukwera, kenako ndi chala mzere ndi mzere. Kunalibe. Kwa mwezi wathunthu ndinkayenda ndikunena mumtima kuti pamenepa pali za kudziwana, mpaka tsiku lina ndinakhala pansi ndi transcript ija ngati ndikuchonga pepala la mwana wa eni, n'kudzifunsa kuti ukanakhala iweyo uli ndi mipando yochepa, uyu wa 51 ndi sapu ukanamutenga kusiya wa 75? Sindikanamutenga. Zinawawa koma zinandichiritsa, ndinasiya kuda anthu osalakwa.

Pena ndimaganiza ndithu ngati manambalawa amasankhadi dokotala wabwino. Ndikudziwa anthu amene anali ndi mitu yoopsa kusukulu koma sangathe kuyankhula ndi gogo wodwala osamukalipira, ndiye ndikudziwanso ena a ma 55 amene manja awo ndi mtima wawo ukanakhala dalitso mu wodi. Koma mbali inayi, udokotala ndi kuwerenga kosatha, mabuku onenepa ngati njerwa zaka 6, ndipo munthu amene Chemistry ya chaka choyamba inamugwetsa ayenera kuonetsa umboni kuti chinasintha n'chiyani. Wosankha alibe njira yoyezera mtima wa anthu mahandiredi, ali ndi njira yoyezera malikisi. Sindikuti n'zachilungamo chonse, ndikuti ndi mmene zilili, ndipo mwana amene akulowa ayenera kuuzidwa asanalowe osati atatuluka.

Nde madzulo amenewo tinatenga kope ndi cholembera n'kuyamba masamu, poti masamu sanyengerera munthu ngati amalume. Ndinati tiyerekeze chaka choyamba chonse wamaliza ndi avereji ya 54, ndipo ukufuna pomaliza digiri ukhale pa 65. Zaka 4 kuchulukitsa 65 ndi 260, kuchotsa 54 kutsala 206, kugawa zaka zitatu zotsalazo, ndiye kuti chaka chilichonse uzimenya pafupifupi 69 osatsika. N'zotheka, ndinazionapo, koma si zamasewera. Tsono ngati ukufuna kuti zaka ziwiri zoyambirira zokha zikhale pa 65, chaka chachiwiri chikufunika 76. Anayang'ana 76 uja nthawi yaitali. Ndinamuuzanso kuti mwayi wake woposa wanga ndi woti iye wadziwa semesita imodzi yokha itapita, yachiwiri ikadali m'manja, ndipo Biology 68 ija ikusonyeza kuti mutu ulipo, chasowa ndi njira. Physics akalembe sapu ngati moyo wake wonse uli pamenepo, ndipo chaka chamawa asaithawe ngati ine, aitengenso apeze giredi yabwino yoti idzaime pafupi ndi yoipayo. Ndi advert ya KUHeS ya chaka chilichonse aziiwerenga yekha mzere ndi mzere, aone zimene akufuna kwa anthu olowera njira ya digiri, osamvera za amalume kapena za pa gulu la WhatsApp.

Anandifunsa funso limene sindimaliyembekezera. "Nanga amalume, inu mumadziwa zonsezi, bwanji simunandiuze tsiku lija?" Ndinayamba kufotokoza zoti unali ukulira, amayi ako anali ndi nkhawa, timafuna ungopita kaye, koma pakati pa chiganizo ndinaona kuti ndikudziteteza. Zoona zake ndinkachita manyazi. Kuti ndimuuze zoona ndimayenera kutulutsa 51 wanga uja pamaso pa mbumba yanga yonse imene imandiona ngati wophunzira wa pamudzi. Ndinalowa m'nyumba, kukoka sutikesi ya malata ija pansi pa bedi, kutulutsa transcript n'kumupatsa. Njenjete zinadya ngodya yonse ya pamwamba mpaka chidindo, koma 51 ndi sapu ya Physics zinazisiya bwinobwino, ngakhale tizilombo sitinazifune. Anaseka mpaka misozi, koyamba chibwerereni.

Nkhani inavuta ndi ya amayi ake. Usiku tikudya ndinayesa kutchula kuti njira zolowera m'chipatala n'zambiri, ku KUHeS komweko kuli pharmacy, physiotherapy, za labu, za mano zomwe zinayamba mu 2019, komanso kuli u clinical officer ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo ku Thyolo, dipuloma ya zaka zitatu. Ndinawakumbutsa kuti m'zipatala zathu za m'maboma amene amapanga maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera ndi ma clinical officer, amene ife tonse timawatcha adokotala tikawaona ndi gauni yoyera, ndipo mwana wawo wotsiriza anabadwa ndi mpeni m'manja mwa mmodzi wa iwo. Achemwali anaika mbale pansi. "Achimwene, ine ndagulitsa matumba angati a mpunga kuti mwanayu akhale dokotala weniweni, lero mukuti chiyani?" Sindinayankhe, chifukwa matumbawo ndinathandiza nawo kukweza pa lole, ndikuwadziwa. Alamu anangoti tiyeni tidye nsima ikuzizira. Mwini wake nkhani anakhala chete, koma m'mawa mwake anandipeza ndikutsuka njinga n'kunena motsitsa kuti iye sakufuna kusiya, ayesa kaye chaka chachiwiri chonse, zikakanika adzaganiza zinazo yekha osati mouzidwa. Ndinati zili bwino. Ndinaonjeza kuti chinthu chimodzi chokha, usakakhale kumeneko ngati uli pa depoti, digiri imene uli nayoyo uyitenge ngati ndi yokhayo padziko, chifukwa ukaikonda ndi pamene ingakutsegulire khomo linalo, ndipo likapanda kutseguka udzakhala uli ndi kanthu kolemera m'manja osati pass ngati yanga.

Masabata awiri otsalawo tinawathera pa Physics ndi ma mole. M'mawa iye kumunda ndi amayi ake kukapirikitsa mbalame, masana ine ndikaweruka timakhala pansi pa mango paja ndi mapepala akale, ndipo ndinazindikira kuti vuto lake lalikulu silinali nzeru, anali asanaphunzire kufunsa. Akapanda kumva amangogwedeza mutu ngati wamva, chimodzimodzi ine pa benchi ija. Ndinachita kumukakamiza kuti tsiku lililonse andifunse mafunso asanu opusa, akapanda kukwanitsa palibe tiyi. Tsiku lina ndinapita naye kusukulu kwathu Loweruka, tinatsegula kabati, ndinamupatsa burette imodzi yokhayo imene tili nayo, yothyoka kukamwa, kuti aigwire mpaka zala zizolowere, madzi a pa mjigo ndi kapu ya pulasitiki pansi. Lolemba lake ndinalowa mu Form 4 n'kuwauza ana anga nkhani ya transcript yanga yonse osabisa, ena anaseka, atatu amene akufuna udokotala sanaseke.

Anabwerera Lamlungu. Tinamukweza minibasi ya ku Salima m'mawa kusanatenthe, thumba la mpunga la 10 kg pamiyendo, usipa wouma mu jumbo, ndi buku langa lakale la Chemistry lopanda chikuto lija. Amayi ake anamuuza kuti akapemphere, ine ndinamuuza kuti akakhale kutsogolo m'kalasi. Dzana cha m'ma 11 usiku foni inalira, WhatsApp, chithunzi cha funso la buffer solution ndi mawu oti "amalume ili ndafunsa kale a lecturer koma sindinamvebe, musagone". Ndinadzuka, kuyatsa tochi poti magetsi anali atazima, kusaka cholembera, mkazi wanga akung'ung'udza kuti anthu akugona. Funsolo linanditengera mphindi 40, ndipo yankho langa loyamba linali lolakwa, anandikonza ndi iyeyo.